Funsani za Msonkho: Kodi abwana anayenera kuimitsa kudula msonkho wa Social Security?

Makalata ambiri amene ndalandira chiyambire chaka chino cha 2021 akukamba nkhani imodzi, ya msonkho wa Social Security (thumba la boma lolipira penshoni) umene boma la America linalola kuti uyambe waima kudulidwa pa malipiro kumapeto kwa chaka chatha. Ena akudandaula kuti abwana awo sanawaimitsire, ena akulira chifukwa chakuti anawaimitsira. Ndasankhapo asanu. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena ndawafupikitsa.

Funso: Alangizi, ine ndimagwira ntchito pa nyumba ina yosamalirako okalamba kuno ku Indiana. Ndimalandira madola 1,200 pa masabata awiri alionse, msonkho usanadulidwe. Chaka chatha ndinaona pa Facebook kuti a Trump alamula kuti kuyambira Seputembala antchito asamadulidwe msonkho mpaka chaka chithe. Mnzanga amene amuna ake amagwira ntchito m'boma anandiuza kuti kwawo ndalama zinakweradi. Koma ine kapepala kanga ka malipiro sikanasinthe ngakhale pang'ono. Nditakafunsa ku ofesi anangondiyankha kuti iwo sakuchita nawo zimenezo. Kodi abwana angakane lamulo la pulezidenti? Kodi ndalama zangazo sanadye? Ndingazipeze bwanji? Ndine mayi wa ku Indiana.

Yankho: Mayi, khazikitsani mtima pansi. Abwana anu sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo palibe ndalama yanu imene yasowa. Ndinene mosapsatira kuti pokana paja anakuchitirani zabwino, ngakhale kuti ku ofesiko akanatha kukhala nanu pansi n'kukufotokozerani bwinobwino m'malo mokuyankhani mwachidule chonchija.

Tengani kapepala kanu ka malipiro mukayang'anitsitse. Muona mizere ingapo ya ndalama zodulidwa, imene ambirife timangoiphatikiza n'kumati msonkho. Pali wa boma lalikulu la ku Washington, pali wa chigawo cha Indiana, pali wa Medicare (inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya okalamba) umene ndi 1.45 peresenti, ndiye pali wa Social Security umene ndi 6.2 peresenti. Pa mapepala ena mzere womalizawu amaulemba kuti OASDI. Abwana nawonso amaikapo 6.2 peresenti yawo yochokera m'thumba mwawo, ndipo ndalama zonsezi ndi zimene zimalipira penshoni ya okalamba, ya olumala, ndi ya ana kapena amasiye a munthu amene ankagwira ntchito. Nkhani ya chaka chatha inkakhudza mzere umodzi wokhawu, mbali ya wantchito. Kwa inu ndi madola 74.40 pa malipiro alionse.

Chimene Pulezidenti Donald Trump anasaina pa 8 Ogasiti 2020 ku Bedminster, m'chigawo cha New Jersey, sichinali lamulo lopita kwa olemba anthu ntchito. Chinali chikalata cholangiza nduna yawo ya zachuma, a Steven Mnuchin. Panthawiyo madola 600 a pa sabata amene anthu ochotsedwa ntchito chifukwa cha mliri wa Covid-19 ankalandira anali atangotha kumapeto kwa Julaye, ndipo zokambirana za chithandizo china pakati pa White House ndi atsogoleri a chipani cha Democratic zinali zitalephereka. Chikalatacho chinauza nduna kuti ichedwetse nthawi yodula ndi kupereka 6.2 peresenti ija pa malipiro a pakati pa 1 Seputembala ndi 31 Disembala, kwa antchito olandira madola osakwana 4,000 pa masabata awiri, amene pa chaka ndi pafupifupi madola 104,000.

Pamene nkhani yonseyi yagona ndi apa. Malamulo aakulu a dziko la America anapereka mphamvu yoika msonkho kapena kuuchotsa kwa nyumba ya malamulo ya Congress. Pulezidenti payekha sangaufafanize. Chimene nduna ingachite, potsatira gawo 7508A la malamulo a msonkho, ndi kusuntha tsiku lomaliza lolipirira dziko likakhala pa tsoka. Mukukumbukira kuti chaka chatha tsiku lomaliza lotumizira mafomu a msonkho linachoka pa 15 Epulo n'kupita pa 15 Julaye? Inali mphamvu yomweyi. Ndipo amene anatumiza mafomu awo mu Epulo momwemo palibe anawaimba mlandu. Tsiku lomaliza likasunthidwa, munthu amaloledwa kuchedwa, koma palibe womukakamiza kuti achedwe. A Mnuchin eniake ananena poyera mu Ogasiti momwemo kuti boma silingakakamize makampani kutenga nawo mbali, ndipo bungwe lotolera misonkho la IRS linadzatsimikizanso zomwezo.

Malangizo a IRS, amene amadziwika ndi nambala yakuti Notice 2020-65, anatuluka Lachisanu pa 28 Ogasiti, kutangotsala masiku anayi kuti dongosololi liyambe. Anali masamba atatu okha. Amene anapatsidwa ufulu m'chikalatacho ndi olemba ntchito, osati antchito. Ndiye kuti abwana ndi amene ankasankha: kuimitsa kwa onse, kusaimitsa kwa aliyense, kapena kufunsa wantchito aliyense zimene akufuna. Wantchito analibe pomangira mlandu ngati abwana akana. Chikalata chomwecho chinanenanso kuti ndalama zonse zoimitsidwazo zidzadulidwe pa malipiro a pakati pa 1 Januwale ndi 30 Epulo 2021, pamwamba pa msonkho wa masiku onse, ndipo zikapanda kuperekedwa, chindapusa ndi chiwongola dzanja zidzagwere abwana.

Ine ntchito yanga ndi yowerengera mabizinesi ang'onoang'ono malipiro a antchito awo. Lolemba lotsatira anandiimbira foni mayi ena amene ali ndi malo osamalirako ana makolo awo akapita kuntchito. Anali atamva kale nkhaniyi ndipo ankafunitsitsa kuthandiza atsikana awo, amene malipiro awo ndi ochepa ndithu. Koma anali ndi funso limodzi. Mmodzi mwa atsikanawo ankayembekezeka kusiya ntchito mu Januwale kubwerera ku koleji, ndiye mayiwo ankafuna kudziwa kuti ndalama yake yoimitsidwayo adzabweze ndani. Ndinawawerengera chiganizo chimodzi chokha chimene chikalatacho chinalemba pa nkhaniyi, chakuti ngati pangafunike, olemba ntchito angakonze njira ina yotengera ndalamazo kwa wantchito. Njira yake iti, sichinanene. Mayiwo anakhala duu pa foni kwa kanthawi, kenaka anandiuza kuti ndizidula monga mwa masiku onse.

Sanali okha. Pa 18 Ogasiti, bungwe la U.S. Chamber of Commerce pamodzi ndi mabungwe ena a zamalonda oposa 30 analembera kalata atsogoleri a boma yonena kuti dongosololi n'losatheka kuliyendetsa, ndipo si chilungamo kusenzetsa antchito ngongole imene idzawapeze chaka chotsatira. Makampani akuluakulu monga UPS, Home Depot, CVS ndi JPMorgan Chase anakana. A positi ofesi anakana. Ngakhale House of Representatives, imene ndi mbali ya Congress, sinaimitsire antchito ake. Abwana anu anali m'gulu lalikulu, si iwo okha ayi.

Tsopano tiwerenge ndalama zanu zija. Akanakuimitsirani, pa malipiro asanu ndi anayi a miyezi inayi ija mukanapita kunyumba ndi madola 669.60 oonjezera. Koma ndalamayo ikanakhala ngati adivansi: mwalandira lero, mudulidwa mawa. Malinga ndi dongosolo loyambirira, kuyambira Januwale mukanamadulidwa kawiri, pafupifupi madola 149 m'malo mwa 74.40, m'miyezi yozizira imene mabilu otenthetsera nyumba amakwera ndiponso ngongole za Khirisimasi zisanathe. Munthu wa malipiro ochepa ndalama ikalowa m'manja siikhalitsa, osati chifukwa cha kusasamala, koma chifukwa zosowa zimakhala zitandandika kale pamzere. N'chifukwa chake ndikuti anakuchitirani zabwino.

Za kudya ndalama, funso lanu n'loyenera, ndipo musachite nalo manyazi. Chikalata cha IRS sichinalole bwana aliyense kudula ndalama kwa wantchito n'kuisunga m'thumba mwake kudikira 2021. Akadula, ayenera kupereka ku boma pa nthawi yake. Fomu ya W-2 ya 2020, imene abwana amalembapo malipiro anu ndi misonkho yodulidwa ya chaka chonse, muyenera kuti mwailandira kale. Yang'anani bokosi nambala 3, limene limasonyeza malipiro amene msonkho wa Social Security unawerengedwapo, ndi bokosi nambala 4, limene limasonyeza zimene zinadulidwa. Za m'bokosi 4 ziyenera kukhala 6.2 peresenti ya za m'bokosi 3. Ngati munalandira madola 1,200 maulendo 26, bokosi 3 likhala pafupifupi 31,200 ndipo bokosi 4 likhala 1,934.40. Zikagwirizana, nkhani yatha, mulibe ngongole ndipo palibe amene ali nanu ngongole. Mungathenso kutsegula akaunti yanu pa intaneti ku Social Security Administration kuti muziona malipiro amene akulembedwa m'dzina lanu chaka ndi chaka. Ndimalimbikitsa aliyense kuchita zimenezi kamodzi pachaka, kaya pali chokayikitsa kaya palibe.

Funso: Alangizi, ndili ndi kakampani koyeretsa maofesi ku Maryland, antchito anga ndi asanu ndi mmodzi. Iwo eni anandipempha kuti ndiimitse msonkho uja, ndipo ndinavomera chifukwa ndinkaona mmene ankavutikira. Mnyamata mmodzi, amene ankalandira madola 900 pa masabata awiri, anasiya ntchito chakumapeto kwa Disembala n'kusamukira ku Texas. Ndinamupatsa malipiro ake omaliza onse, za msonkho uja sindinaziganizire. Panopa foni sakuyankha. Kodi a IRS akamufuna yekha komweko? Nanga otsalawa ndiwadule bwanji? Ndamvanso kuti pali ngongole ina imene tiyenera kubweza mpaka 2022, mutu wanga waima. Ndine bambo wa ku Maryland.

Yankho: Bambo, munachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo zimenezo palibe angazikane. Koma chilungamo chake n'chakuti a IRS sapita ku Texas. Adzabwera kwa inu. Malamulo a msonkho amaika udindo wodula ndi kupereka msonkho wa wantchito pa olemba ntchito, ndipo kuimitsa kuja sikunasinthe zimenezo. Ngati mnyamatayo munamuimitsira pa malipiro asanu ndi atatu, ndi madola 55.80 maulendo asanu ndi atatu, zimene zikukwana madola 446.40. Ufulu womufunsa ndalamayo muli nawo. Mulembereni kalata ku adiresi yomaliza imene anakusiyirani, mufotokoze ndalamayo ndi kumene yachokera, mumupatse mwayi wobweza pang'onopang'ono, ndipo musunge kope la kalatayo. Anthu ambiri akamvetsa amabweza. Koma kaya abweze kaya asabweze, ndalamayo iyenera kufika ku boma pa nthawi yake, ngakhale ichokere m'thumba mwanu.

Musaichedwetse poganiza kuti ndi yochepa. Msonkho wodulidwa kwa antchito boma limauona ngati ndalama yake imene inu mwangoisungira, ndipo pa ndalama ya mtundu umenewu siliseka. Mwini bizinesi akalephera mwadala kuidula kapena kuipereka, a IRS ali ndi mphamvu yomulipiritsa iye mwini monga munthu, ngakhale kampaniyo ikhale LLC, mtundu wa kampani imene ngongole zake kawirikawiri sizigwera mwini wake. Ndaonapo mabizinesi abwinobwino akugwa osati chifukwa chosowa makasitomala, koma chifukwa mwini wake anabwereka ndalama ya msonkho wa antchito kuti alipire lendi, n'kumati abweza mwezi wamawa.

Nkhani yabwino ndi yakuti nthawi yobwezera inatalikitsidwa. Lamulo lalikulu la bajeti ndi chithandizo cha mliri limene linasainidwa pa 27 Disembala 2020 linasuntha tsiku lomaliza kuchoka pa 30 Epulo kufika pa 31 Disembala 2021, ndipo a IRS analengeza zimenezi mu Januwale m'chikalata cha Notice 2021-11. Chindapusa ndi chiwongola dzanja ziyamba kuwerengedwa mu Januwale 2022 pa ndalama imene idzakhale isanaperekedwe. Choncho kwa antchito asanu otsalawo, gawani ngongole ya aliyense mofanana pa malipiro onse a chaka chino. Wolandira madola 1,500 pa masabata awiri, amene munamuimitsira madola 93 maulendo asanu ndi anayi, ali ndi ngongole ya madola 837. Mukaigawa pa malipiro 26, ndi madola 32 ndi masenti ochepa ulendo uliwonse, ndalama imene munthu angaipirire. Ngati simunayambe kudula mu Januwale, yambani pa malipiro akubwerawa, chifukwa mukachedwa gawo lililonse likula.

Chinthu chimodzi muchite sabata ino. Khalani pansi ndi wantchito aliyense, mumusonyeze ngongole yake papepala, ndipo musainirane kuti akadzasiya ntchito chaka chisanathe, yotsalayo idzadulidwa pa malipiro ake omaliza. Zigawo za America zimasiyana malamulo pa zimene bwana angadule pa malipiro, ndipo chilolezo cholembedwa ndi chimene chingakutetezeni pakabuka mkangano. Mzere wa ngongoleyi uzioneka pawokha pa kapepala ka malipiro, kuti munthu aziona ikuchepa.

Popereka ku boma, ndalama yoimitsidwayi muziitumiza payokha, osaisakaniza ndi msonkho wa chaka chino, ndipo muzisonyeza kuti ndi ya kota (gawo la miyezi itatu) iti ya 2020. Seputembala ili mu kota yachitatu, miyezi itatu yotsalayo ili mu yachinayi, monga mmene munalembera pa mafomu anu a 941, amene olemba ntchito amatumiza ku IRS kota iliyonse. Mukamaliza kudula, wantchito aliyense mudzamupatse fomu ya W-2c yokonza bokosi 4 la chaka cha 2020.

Ngongole inayo imene mwamva ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri akuzisokoneza ziwirizi. Lamulo la CARES Act, limene Congress inakhazikitsa mu Malichi 2020, linalola olemba ntchito kuchedwetsa mbali yawo ya msonkho wa Social Security, 6.2 peresenti ya abwana ija, kuyambira pa 27 Malichi mpaka 31 Disembala 2020. Theka liyenera kubwezedwa pofika 31 Disembala 2021, theka linalo pofika 31 Disembala 2022. Nalonso silinali lokakamiza, koma makampani ambiri analilandira ndi manja awiri, chifukwa ndalamayo inali yawo, nthawi yobwezera inali yaitali, ndipo panalibe wantchito woti adzamuthamangitse. Onani mzere 13b pa mafomu anu a 941 a chaka chatha, muchotsepo mbali ya antchito imene ili pa mzere 24, kuti mudziwe ngati inunso munachedwetsa mbali yanu. Ngati munatero, muli ndi ngongole ziwiri za masiku osiyana, ndipo muzilembe padera.

Funso: Mwana wanga ndi msilikali. Akuti kuyambira Januwale malipiro ake atsika, pomwe iye sanapemphe chilichonse. Kodi mesa munati zimenezi zinali zosakakamiza? Ndipo mesa a Trump analonjeza kuti ngongoleyi idzakhululukidwa? Ndine kholo lodandaula, ku Virginia.

Yankho: Amayi kapena abambo, simunandiuze, koma dandaulo lanu ndalimva ndipo ndi lomveka. Zinali zosakakamiza kwa olemba ntchito. Vuto la mwana wanu n'lakuti amene anamulemba ntchito ndi boma lomwelo limene linabweretsa dongosololi, ndipo boma linasankha kuimitsira asilikali ndi antchito a m'maunduna ake onse oyenerera, popanda kuwapatsa mwayi wokana. Kwa asilikali, malire anali malipiro oyambira a madola 8,666.66 pa mwezi, choncho pafupifupi achinyamata onse a maudindo otsika analowamo. Mabungwe a antchito a boma anadandaula, aphungu ena monga Senator Chris Van Hollen wa ku Maryland anamenyera kuti munthu azisankha yekha, koma chaka chinatha zinthu zili chomwecho.

Mbali imeneyi ndi imene imandipweteka mtima pa nkhani yonseyi. Makampani aakulu, okhala ndi maloya ndi akatswiri a msonkho, anaona dongosololi n'kulikana. Mnyamata wa zaka 20 amene wangolowa usilikali, amene mwina sanayambe wawerengapo kapepala ka malipiro mofatsa, analibe pokanira. Anangoona ndalama zachuluka mu Seputembala, ndipo tsopano akuona zachepa.

Kubweza kwake kukuchitika chonchi. Ofesi yolipira asilikali ya DFAS inagawa ngongoleyo m'magawo 24, pakati pa mwezi ndi kumapeto kwa mwezi, kuyambira Januwale mpaka Disembala 2021. Tiyerekeze kuti malipiro ake oyambira anali madola 2,500 pa mwezi. Anamuimitsira madola 155 pa mwezi kwa miyezi inayi, onse pamodzi 620, ndipo akubweza pafupifupi madola 26 ulendo uliwonse. Kutsika kumene akukuona kuli pawiri: msonkho wa masiku onse wabwerera, ndiye pamwamba pake pali ngongoleyo. Asilikali anakwezedwa malipiro ndi 3 peresenti mu Januwale, zimene zachepetsako ululu, koma sizinauchotse. Muuzeni ayang'ane pa kapepala kake ka malipiro, kamene iwo amakatcha LES, aona ndalama yotsala. Ngati akuganiza zotuluka usilikali chaka chino, adziwe kuti ngongoleyo siithera pachipata. Idzadulidwa pa malipiro omaliza, kapena adzalandira kalata yomuuza kuti abweze.

Za kukhululuka, n'zoona kuti a Trump ananena kuti akapambana chisankho cha Novembala adzayesetsa kuti ndalamazo zisabwezedwe, ndipo chikalata cha pa 8 Ogasiti chinauza nduna kuti ifufuze njira zochitira zimenezo. Koma wokhululuka msonkho ndi Congress yokha, ndipo pamene inakhala pansi mu Disembala, inangotalikitsa nthawi yobwezera. A Joe Biden analowa m'boma monga pulezidenti pa 20 Januwale 2021, ndipo lamulo limene lilipo ndi lobweza. Mwana wanu akonze bajeti yake podziwa kuti ndalamayo ikudulidwa mpaka Disembala.

Njira yochepetsadi msonkho umenewu ilipo, ndipo inachitikapo. Mu 2011 ndi 2012, nthawi ya Pulezidenti Barack Obama, Congress inatsitsa mbali ya wantchito kuchoka pa 6.2 kufika pa 4.2 peresenti. Olemba ntchito onse anayenera kutsatira chifukwa linali lamulo, palibe wantchito anabweza kanthu, ndipo ndalama imene thumba la Social Security linataya inabwezeredwa kuchokera ku thumba lalikulu la boma. Mbali yomalizayi ndi yofunika kwambiri, chifukwa pafupifupi madola 9 pa madola 10 alionse amene Social Security imalandira amachokera ku msonkho wa pa malipirowu. Mu Ogasiti chaka chatha, mkulu wowerengera za thumbali, a Stephen Goss, anayankha aphungu amene anawafunsa kuti msonkhowu utathetsedweratu popanda ndalama ina yolowa m'malo, thumba la olumala likhoza kuuma chapakati pa 2021, ndipo la okalamba chapakati pa 2023. Choncho ine, ngakhale ndimamva chisoni ndi obwezawa, sindingafune kuti ngongoleyi ifafanizidwe popanda kunena kumene ndalama ya okalamba ichokere.

Funso: Ine ndimayendetsa galimoto ya Uber ndipo ndimalandira fomu ya 1099, ya anthu odzilemba ntchito okha, osati W-2. Zimenezi zikundikhudza? Ndine mnyamata wa ku Dallas.

Yankho: Achimwene, chikalata cha mu Ogasiti sichinakukhudzeni, chifukwa chinali cha anthu odulidwa msonkho ndi abwana. Inu mumadzilipirira mbali zonse ziwiri, 12.4 peresenti ya Social Security ndi 2.9 peresenti ya Medicare. Chimene chikukukhudzani ndi CARES Act. Podzaza mafomu a msonkho a 2020, pa tsamba la odzilemba ntchito okha lotchedwa Schedule SE, mukhoza kusankha kuchedwetsa theka la 12.4 peresenti ija pa phindu limene munapeza kuyambira 27 Malichi mpaka kutha kwa chaka, n'kudzabweza theka pofika 31 Disembala 2021 ndi theka linalo pofika 31 Disembala 2022. Ngati ndalama muli nayo, lipirani yonse panopa. Kwa inu palibe bwana woti azikudulani pang'onopang'ono, ndipo masiku awiriwo adzafika pamodzi ndi msonkho wa zaka zimenezo. Ngati mulibedi, chedwetsani, koma muziika padera kangachepe sabata iliyonse mu akaunti imene simuikhudza.

Funso: Kuntchito kwathu anatiimitsira. Pa W-2 yanga bokosi 4 ndi lochepa poyerekeza ndi chaka chinacho. Kodi penshoni yanga ya ku ukalamba ichepa? Ndidikire fomu ina ndisanatumize za msonkho? Ndine mayi wa ku Seattle.

Yankho: Achemwali, penshoni yanu siichepa. Social Security imawerengera penshoni potengera malipiro amene munalandira, a m'bokosi 3, osati msonkho wa m'bokosi 4. Amatenga zaka 35 zimene munalandira kwambiri, ndipo kuti muyenerere pamafunika makirediti 40, anayi pa chaka. Mu 2020 kirediti imodzi inkafuna malipiro a madola 1,410, ndiye ngati munagwira ntchito chaka chonse, anayi anu analembedwa kale.

Bokosi 4 ndi lochepa chifukwa abwana analemba zokhazo zimene anadula mu 2020. Akamaliza kudula zotsalazo chaka chino adzakupatsani W-2c. Ngati munali ndi bwana mmodzi, musaidikire, tumizani mafomu anu ndi W-2 imene muli nayo, ndipo W-2c ikadzabwera mungoisunga pamodzi ndi mapepala a 2020. Ofunika kuiyang'ana mofatsa ndi amene anagwira ntchito malo awiri kapena kuposa, malipiro awo onse pamodzi n'kupitirira madola 137,700, amene anali malire a msonkhowu mu 2020. Munthu wotere, W-2c ikabwera, aphatikize za m'bokosi 4 za mafomu ake onse, ndipo zikapitirira madola 8,537.40, akonze fomu yake ya msonkho ya 2020 kuti boma limubwezere zapamwambazo.